Mapale a mkuwa a Papa: mbiri ya Calcografia ya ku Roma

Alendo opita ku Roma sabwerako asanaone kasupe wa Trevi. Amakhamukirako usana ndi usiku, kuponya makobidi m'madzi, kujambulitsa, n'kumapita. Ndi ochepa amene amadziwa kuti khoma limene ziboliboli za pakasupepo zatsamira ndi la nyumba yotchedwa Palazzo Poli, ndi kuti nyumba imeneyi, pamodzi ndi inzake yogundizana nayo mumsewu wa Via della Stamperia, ndi likulu la bungwe losunga mapale ozokotedwa oposa 23,000, ambiri mwa iwo a mkuwa. Lero bungweli limatchedwa Istituto Centrale per la Grafica, koma kwa zaka zoposa 200 linkadziwika kuti Calcografia. Linayamba mu 1738 ngati shopu ya Papa yogulitsa zithunzi zodinda, ndipo katundu wake wambiri anali wachipembedzo: Amayi Maria ndi Mwana, Yesu pamtanda, anthu oyera a Mpingo, nkhani za m'Baibulo, zonsezi zotengedwa pa zojambula za akatswiri monga Raphael, Michelangelo, Guido Reni ndi Domenichino.

Papa ndi malonda a mapepala zinakumana pati? Yankho lagona pa mmene dziko linalili kamera isanabwere. Chithunzi chojambulidwa pakhoma la tchalitchi chinkakhala pomwepo basi, ndipo choikidwa paguwa sichinkasunthanso. Chithunzi chotchuka cha Raphael cha Kusandulika kwa Yesu paphiri, chimene anachijambula atatsala pang'ono kumwalira mu 1520, chinakhala zaka zoposa 270 paguwa la tchalitchi cha San Pietro in Montorio. Wofuna kuchiona ankayenera kukwera yekha chitunda cha Gianicolo. Wansembe wa ku Lisbon, mnyamata wophunzira kujambula ku Antwerp, mmishonale wopita ku Goa, onsewa ankangomva mbiri yake, pokhapokha wina atawabweretsera pepala. Pepalalo linkachokera pa mkuwa.

Ntchito yake inkayenda motere. Mmisiri ankatenga phale la mkuwa lopyapyala, lopukutidwa mpaka kuwala, n'kulikhazika pa kapilo kachikopa kodzaza mchenga kuti azilitembenuza mosavuta. M'dzanja ankagwira kachitsulo kosongoka kokhala ndi chigwiriro chathabwa chobulungira, kamene Ataliyana amakatcha bulino. Chigwirirocho chimakhala m'chikhatho, ndipo mmisiri amakankha nsonga kutsogolo, iyo ikugoba kamzere mumkuwa. Akafuna mzere wokhota sakhotetsa dzanja ayi, amatembenuza phalelo. Akakankha mwamphamvu, mzere umazama n'kunenepa, ndipo papepala umatuluka wakuda bii. Akapepuza dzanja umaonda mpaka kuzimiririka. Ambiri ankayamba ndi njira yachidule: kupaka phula paphale, kujambulapo ndi singano, kuthira asidi kuti adye mkuwa mmene singano yadutsa, kenaka n'kumalizitsa ndi kachitsulo kaja. Zonse ankazizokota chotembenuza, monga zimakhalira zilembo pa chidindo cha ku ofesi, kuti dzanja lamanja la Yesu lodalitsa lisadzakhale lamanzere papepala. Ena sankafuna kudzivutitsa, ankangozokota mmene akuonera, ndipo n'chifukwa chake m'mamyuziyamu mumapezeka mapepala amene oyera akudalitsa ndi dzanja lamanzere.

Wozokota akamaliza, inkatsala ntchito ya wodinda. Iye ankafunditsa phale pamoto wamakala, kulipaka inki yolimba, kuikanikizira m'mizere yonse, kenaka kupukuta pamwamba ndi nsalu, pomaliza ndi chikhatho, mpaka inki itatsala m'mizere mokhamokha. Ankayalapo pepala lonyowa, kufunditsapo nsalu zaubweya, n'kupititsa zonsezo pakati pa mitanda iwiri yobulungira ya makina opanikiza. Pepala lililonse linkafuna kupaka inki mwatsopano. Ndipo mkuwa ndi wofewa. Kupukuta ndi kupanikiza kumaudya pang'onopang'ono, kotero kuti mapepala oyamba amatuluka akuthwa, akumapeto otuwa. Phale likafika pamenepo, mwini wake ankaitana mmisiri wina kuti adzazamitsenso mizere, ndipo si obwereza onse amene anali ndi dzanja labwino.

Koma chovuta kwenikweni chinali china. Wojambula anali ndi mitundu yonse ya penti. Wozokota anali ndi mzere wakuda ndi pepala loyera, basi. Mkanjo wofiira wa Maria ndi chofunda chake chabuluu, kuwala kotuluka mumtambo, khungu la khanda, ndevu za Yosefe, chilichonse chinkafuna mizere yakeyake, ina yopingasana, ina yothinana, ina yamadonthomadontho, kuti diso lisiyanitse nsalu ndi mwala, mthunzi ndi mdima. Chithunzi chodzaza khoma lonse ankachifinya kuti chikwane papepala lonyamula m'manja, ndipo pofinyapo ankasankha choti chioneke ndi choti chisiyidwe. Amene amati wozokota anali wokopera chabe sanaliyang'anitsitse pepala lake.

Ku Roma mwambowu unazika mizu ndi Marcantonio Raimondi, mmisiri wa ku Bologna amene anafika mumzindawu cha m'ma 1510 n'kugwirizana ndi Raphael. Raphael anazindikira msanga kuti pepala lingamufikitse kumene miyendo yake singafike. Ankapatsa Marcantonio zojambula zake za papepala kuti azizokote, ndipo wantchito wake wina wotchedwa Baviera ndiye ankasunga mapale ndi kugulitsa zodindazo. Chodziwika koposa ndi cha Kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu, amayi akuthawa ndi makanda awo pafupi ndi mlatho, asilikali a Herode ali pambuyo ndi malupanga. Chimenechi sichinatengedwe pa chithunzi cha penti chilichonse; Raphael anachikonzera mkuwa kuyambira pachiyambi. Ngakhale cha Cecilia Woyera, chimene cha penti chake chili ku Bologna, pepala la Marcantonio limasiyana nacho, poti iye anatsata zojambula zoyambirira, Raphael asanasinthe maganizo. Kutsata ndendende chithunzi chomalizidwa kunadza pambuyo pake.

Marcantonio sanathe bwino. Mu 1524 Papa Clement VII anam'tsekera m'ndende chifukwa chozokota zithunzi zolaula zojambulidwa ndi Giulio Romano, ndipo mu 1527, asilikali a Mfumu Charles V atafunkha Roma, anatsala padzuwa. Mapale ake okha ndi amene anapitirira, ndipo amalonda a ku Roma anaona pamene pagona ndalama: wojambula amafa, wozokota amafa, koma mwini phale amadyabe. Antonio Salamanca anasonkhanitsa ambiri. Antonio Lafreri, mlendo wochokera ku Franche-Comté amene anagwirizana naye pa malonda mu 1553, anawonjezera ena. Aliyense wogula phale ankafufuta dzina la mwini wakale m'munsi, kapena kungozokota lake pambali pake. Akatswiri a lero amawerenga maina osanjikizanawo kuti adziwe m'manja mmene phale linadutsa.

Msika unalipo chifukwa Mpingo unkazifuna zithunzizo. Pamene Achiprotestanti ena kumpoto kwa Ulaya ankachotsa zithunzi m'matchalitchi, msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Trent unagamula mu 1563 kuti zithunzi za Khristu, Maria ndi oyera zisungidwe ndi kulemekezedwa, popeza zimaphunzitsa anthu chikhulupiriro. Zaka za Jubile, monga 1575 ndi 1600, zinkabweretsa khwimbi la anthu a paulendo wa mapemphero, aliyense akufuna kanthu kobwerera nako kwawo. Amishonale ankanyamula mapepalawa m'mabokosi awo. Ku Ethiopia, kumene Ajezuiti anafika ndi makope a chithunzi cha Maria cha m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, ojambula a kumeneko anatengera kaimidwe kake, ndipo kamaonekabe m'zithunzi za Mpingo wa Orthodox wa dzikolo.

Mapepalawa anasunganso zimene makoma anataya. Michelangelo anamaliza Chiweruzo Chomaliza m'chapelo cha Sistine mu 1541, anthu ambiri a m'chithunzicho ali maliseche. Msonkhano wa Trent utatha, Daniele da Volterra anatumidwa mu 1565 kukawaveka tinsalu. Koma ozokota monga Giulio Bonasone ndi Niccolò della Casa anali atachitenga kale, ndipo mapepala awo ndi zina mwa mboni za mmene khomalo linalili Michelangelo atangoika burashi pansi. Giorgio Ghisi wa ku Mantua, poona kukula kwake, anachigawa pa mapale khumi, wogula n'kumakalumikiza mapepalawo yekha.

M'zaka za m'ma 1600 banja limodzi linaposa anzake onse pa malondawa. Linali banja la De Rossi, limene shopu yake inali pafupi ndi tchalitchi cha Santa Maria della Pace, chakufupi ndi Piazza Navona. Giovanni Giacomo de Rossi, amene anamwalira mu 1691, ankagula mapale akale paliponse pamene apezeka, ndiponso ankalemba ntchito amisiri a m'nthawi yake. M'zaka za m'ma 1670 anatulutsa nkhani za m'Baibulo zimene Raphael ndi ophunzira ake anajambula kudenga la khonde la ku Vatican, zozokotedwa ndi Pietro Aquila ndi Cesare Fantetti. Ankasindikiza kabuku ka mndandanda wa katundu wake kuti wogula wakutali angoitanitsa. Atamwalira, shopu inatsala ndi Domenico de Rossi, kenaka ndi mwana wa Domenico, Lorenzo Filippo.

Lorenzo Filippo anafuna kugulitsa zonse. Ogula anapezeka ku England, dziko limene olemera ake nthawi imeneyo ankakokolola ziboliboli ndi zithunzi za ku Italy. Boma la Papa linaletsa kuti mapalewo atuluke m'dziko, ndipo patapita zaka zokokanakokana pa mtengo, mu February 1738 Papa Clement XII anagula nkhokwe yonse, mapale pafupifupi 9,000, pa ndalama za nthawiyo zokwana scudi 45,000. Wogulitsa amene waletsedwa kugulitsa kwina sanenerera mokweza mawu. Papa anatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Clement XII anali Lorenzo Corsini wa ku Florence. Anasankhidwa mu 1730 ali ndi zaka 78, ndipo pasanapite nthawi yaitali anachita khungu, n'kumalamula nthawi zambiri ali chigonere. Ndiye kuti Papa amene anagula zithunzi masauzande sakanatha kuona ngakhale chimodzi. Maso ake anali Kadinala Neri Corsini, mwana wa m'bale wake, munthu wokonda kusonkhanitsa mabuku ndi zithunzi zodinda. Papa yemweyu ndi amene anayambitsa ntchito ya kasupe wa Trevi mu 1732, ndiponso anagula ziboliboli zakale za Kadinala Albani n'kutsegula myuziyamu ya pa Campidoglio mu 1734. Maganizo anali amodzimodzi: chuma cha Roma chisathere kunja.

Bungwe latsopanoli linatchedwa Calcografia Camerale, chifukwa linali pansi pa Camera Apostolica, ofesi yoyang'anira chuma cha Papa, ndipo woyamba kuliyang'anira anali wojambula Giovanni Domenico Campiglia. Tisaliganizire ngati myuziyamu. Munali odinda, makina, mndandanda wa mitengo ndi buku la ndalama zolowa ndi zotuluka. Phale linkaonedwa ngati chida chogwirira ntchito, ndipo mtengo wake unkayezedwa ndi mapepala amene lingabale. Mayiko ena anatsatira: Spain inakhazikitsa Calcografía yake ku Madrid mu 1789, France inakhazikitsa Chalcographie ya ku Louvre mu 1797. Mabungwe atatuwa alipo mpaka lero.

Maganizo akuti phale ndi chida chabe ndi amene anabweretsa tsoka. Asilikali a France atalowa mu Italy, pangano la Tolentino la mu 1797 linakakamiza Papa kupereka ndalama zankhaninkhani pamodzi ndi zojambula zamtengo wapatali. Chithunzi cha Kusandulika chija chinatsitsidwa paguwa n'kupita ku Paris pangolo, ndipo chitabwerako Napoleon atagwa, sichinabwererenso kutchalitchi chake. Chinakaikidwa ku Vatican, kumene chili lero. M'zaka zovuta zimenezo, ndalama zitasowa, mapale ambirimbiri a Calcografia anatengedwa kukasungunulidwa kuti asule makobidi. Osankhidwa anali amene ankaoneka otha kapena osayenda malonda, ndiye kuti ambiri mwa akale kwambiri. Kenaka mu 1823 kunabwera Papa Leo XII, munthu wouma pa za makhalidwe, amene analamula kuti mapale oonetsa umaliseche aonongedwe. Ena anapulumuka atawazokotera masamba ndi tinsalu pamalo ochititsa manyazi. Mapale amene analetsedwa kupita ku England kuti atetezedwe anathera m'ng'anjo ya kwawo komwe. Ine ndimaona kuti chikhala anakwera chombo, mwina ena tikanawaona lero.

Ngakhale zinali choncho, nthawi yomweyo ndi imene bungweli linakula. Giuseppe Valadier, katswiri wa zomangamanga amene anakonza bwalo la Piazza del Popolo, analiyang'anira kuyambira 1786 mpaka imfa yake mu 1839. Calcografia inali itasamukasamuka kangapo, ndipo iye ndi amene anaimangira nyumba yakeyake ku Via della Stamperia, imene inatha mu 1837. M'zaka za m'ma 1820 bungweli linagula mapale a banja la Volpato ndi a zithunzi za ziboliboli za Antonio Canova. Mu 1839, m'nthawi ya Papa Gregory XVI, linabweza kwawo mapale a Giovanni Battista Piranesi, katswiri wa zithunzi za mabwinja a Roma, amene ana ake anasamuka nawo kupita ku Paris ndipo anali m'manja mwa osindikiza a Firmin Didot. Masiku ano alendo ambiri amene amalowa m'nyumbayi amadzera Piranesi yemweyo.

Koma ntchito imene Calcografia inkadzitama nayo m'zaka za m'ma 1800 inali yozokota zithunzi zikuluzikulu zachipembedzo, ndipo luso lake linali litafika pachimake. Giovanni Volpato anali atazokota kale zithunzi za m'zipinda za Papa ku Vatican zojambulidwa ndi Raphael. Wophunzira wake Raffaello Morghen, amene anakwatira mwana wake wamkazi, anam'posa kutchuka. Morghen anasamukira ku Florence, ndipo mu 1800 anatulutsa pepala la Mgonero Womaliza wa Leonardo da Vinci, potsata chojambula chimene Teodoro Matteini anakatenga ku Milan. Khoma la Leonardo linayamba kusupuka iye mwini akali moyo, ndipo pofika 1800 nkhope zambiri zinali zitafufutika. Morghen anazipatsa maso, milomo ndi tsitsi looneka bwino, ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku America anaudziwa Mgonerowo kudzera mwa iye. Mlembi Goethe, polemba za chithunzichi, analangiza owerenga ake kuti akhale ndi pepala la Morghen patsogolo pawo. Mgonero Womaliza umene timauona pamakalendala ndi m'mafelemu a pabalaza m'nyumba zambiri za kuno kwathu umafanana kwambiri ndi makope oyera bwino oterewa kusiyana ndi khoma lozimiririka la ku Milan.

Phale lalikulu silinali ntchito ya munthu mmodzi kapena ya chaka chimodzi. Poyamba ankatuma wojambula kuti akakhale patsogolo pa chithunzi, nthawi zina pansanja, n'kuchitenga ndi pensulo yakuda. Chojambulacho chinkadutsa kwa akatswiri oyang'anira kuti achivomereze. Kenaka wozokota ankasaina pangano, n'kumalandira malipiro pang'onopang'ono, akapereka pepala loyesera loonetsa pamene wafika. Zaka zinkadutsa munthu ali chiweramire pa phale limodzi. Tommaso Minardi, amene pambuyo pake anali ndi mawu aakulu pa zimene Calcografia inkasankha kuzokota, anatha zaka zambiri za unyamata wake akujambula Chiweruzo Chomaliza cha Michelangelo kuti Giuseppe Longhi wa ku Milan adzachizokote, ndipo Longhi anamwalira mu 1831 phalelo lisanathe. Ku Germany, Friedrich Müller anamaliza Maria wa Raphael wa ku Dresden, koma anamwalira mu 1816, chaka chomwecho chimene pepalalo linatuluka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1840 Papa Pius IX anaitana Paolo Mercuri, Mroma amene anatchukira ku Paris, kuti abwere adzatsogolere Calcografia, ndipo ntchito yozokotanso zithunzi za ku Vatican inapitirira.

Onsewa sankadziwa kuti wowalanda ntchito wabadwa kale. Mu 1839, chaka chimene Valadier anamwalira ndipo mapale a Piranesi anabwerera kwawo, ku Paris kunalengezedwa njira ya Daguerre yojambulira ndi kuwala. Poyamba ozokota sanatekeseke, ndipo anali ndi chifukwa. Kamera zoyambirira zinkasokoneza mitundu: buluu ankatuluka woyererako, chofiira ndi chachikasu zinkada, ndipo m'matchalitchi munali mdima. Ojambula ndi kamera ena ankangojambula pepala la wozokota n'kumagulitsa limenelo. Koma mu 1852 abale a Alinari anayamba ntchito yawo ku Florence, James Anderson nayenso anayamba kugulitsa zithunzi za kamera ku Roma, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1860 kampani ya Adolphe Braun inajambula chapelo cha Sistine. Pofika m'ma 1880 vuto la mitundu linali likuchepa. Chimene wozokota ankachigwirira zaka zambiri, kamera inkachitenga tsiku limodzi, n'kuchigulitsa motchipa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1850 kunali kutapezeka njira yokutira phale la mkuwa ndi kachitsulo kopyapyala pogwiritsa ntchito magetsi, kuti lizidinda mapepala masauzande osatha. Mankhwala a vuto lakale lija anafika pamene ogula anali akuchoka.

Pa 20 September 1870 asilikali a Italy analowa mu Roma, ulamuliro wa Papa pa mzindawu unatha, ndipo shopu ya Papa inasanduka ya Mfumu, Regia Calcografia. Boma latsopano linapitiriza kulipira ozokota, mbali ina pofuna kuti luso lisafe, koma dziko linali litayang'ana kwina. Nawonso akatswiri a zojambula anali atasintha mtima. Kuyambira pamene Adam Bartsch wa ku Vienna anatulutsa mabuku ake 21 a mndandanda wa zithunzi zodinda, pakati pa 1803 ndi 1821, ulemu unayamba kupita kwa amene amazokota maganizo awoawo, monga Dürer ndi Rembrandt. Wozokota chithunzi cha mnzake anatsitsidwa n'kukhala ngati kalaliki. M'zaka za m'ma 1900, mapepala amene kale ankapachikidwa m'zipinda za maepiskopi ndi m'nyumba za olemera ankagulitsidwa pamtengo wa felemu yake.

Calcografia inapulumuka posintha ntchito. Carlo Alberto Petrucci, wozokota amene anakhala mkulu wake kuyambira 1933, anatsegula khomo kwa amisiri amoyo kuti azidzadinditsa mapale awo ndi kuonetsa ntchito zawo. Mmodzi mwa iwo anali Giorgio Morandi wa ku Bologna, wojambula mabotolo ndi zikho, amene mapale ake ambiri ali komweko lero. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dzina linakhala Calcografia Nazionale, ndipo mu 1953 Petrucci anatulutsa mndandanda wa mapale onse a bungweli.

Mbali ina ya nkhaniyi inkayenda payokha kutsidya la mtsinje wa Tiber. Zithunzi zodinda zimene banja la Corsini linasonkhanitsa, kuyambira ndi Kadinala Neri yemwe uja, zinaperekedwa ku bungwe la akatswiri la Accademia dei Lincei mu 1883, ndipo zinakhala maziko a Gabinetto Nazionale delle Stampe, nyumba yosungira zithunzi za papepala imene inatsegulidwa mu 1895. Kwa zaka 80 mapale anali kwina, mapepala kwina. Mu 1975 boma linaphatikiza mabungwe awiriwa kukhala Istituto Nazionale per la Grafica, mu 1978 linagula Palazzo Poli kuti likhale likulu, ndipo mu 2014 dzina linasinthidwa kukhala limene lilipo lero. Zimene Papa anagula ndi zimene Kadinala anagulira banja lake zinakumana pansi pa denga limodzi patapita zaka zoposa 200.

Kusintha kwakukulu sikunali kwa maina. Kunali kwa mmene phale limaonedwera. Kale chamtengo chinali pepala, mkuwa uli wantchito wake. Lero mapale akale amasamalidwa ngati zojambula pazokha: amatsukidwa inki youma, amatetezedwa ku chinyezi, amalembedwa m'kaundula limodzilimodzi, ndipo sapanikizidwanso mwachisawawa monga kale. Ofufuza amatembenuza phale n'kuona kumbuyo kwake. Kumeneko kumapezeka zipsera za hamala, pamene mmisiri anakhoma mkuwa kuti ukwere atafufuta cholakwa kutsogolo; kumapezeka chizindikiro cha wosula amene anagulitsa phalelo, ndipo nthawi zina chojambula china chimene chinayambidwa n'kusiyidwa. Kutsogolo kumaoneka pamene dzanja lachiwiri linazamitsa mizere, ndi pamene kansalu kanawonjezedwa pa thupi la mngelo. Pepala limabisa zonsezi, mkuwa subisa.

Komabe ozokota zithunzi za anzawo sanalandirebe ulemu wowayenera. Piranesi ndi Morandi amadzaza zipinda za chionetsero, pamene mazana a mapale a Maria ndi Mwana, a Kutsitsidwa kwa Yesu pamtanda, a Jerome Woyera, amakhala m'mashelefu kudikira wofufuza mmodzimmodzi. Kuweruza kumeneku n'kokondera. Kwa zaka zoposa 300, Raphael amene ophunzira kujambula ankamukopera ku Madrid, ku London kapena ku Mexico anali Raphael wodutsa m'dzanja la wozokota. Akhristu ambiri amene ankapemphera patsogolo pa chithunzi cha Guido Reni sanaonepo penti ya Guido Reni. Wofuna kudziwa mmene anthu a zaka zimenezo ankaonera nkhope ya Yesu apite ku mapalewa, chifukwa khoma linaonedwa ndi ochepa.

Ndiye mukadzakumana ndi pepala lotere, kaya m'myuziyamu, kaya m'buku lakale la ku seminale, kaya pa intaneti pamene bungweli laika zina mwa chuma chake, muyang'ane m'munsi mwa chithunzi. Mudzaona kamzere kolowa m'pepala kozungulira mbali zonse: pamenepo ndi pamene m'mphepete mwa phale munapanikiza. Chakumanzere kumakhala dzina lotsatidwa ndi mawu achilatini akuti pinxit kapena invenit, ameneyo ndi wojambula chithunzi choyambirira. Pena pamakhala delineavit, amene anachitengera papepala, ndi excudit, wogulitsa. Chakumanja kumakhala dzina lotsatidwa ndi sculpsit kapena incidit. Mzere uliwonse umene mukuuona papepalapo anaugoba ndi ameneyo, choncho muwerenge dzina lake musanapitirire.